Matenda a Mafupa, Msana ndi Nyamakazi: Zimene Malamulo Akamba ndi Zimene Odwala Amakumana Nazo

Pafupifupi m'mudzi uliwonse ndi m'komboni iliyonse muli munthu amene analeka kulima kaamba ka msana, agogo amene maondo sawalolanso kufika ku cigayo, kapena mnyamata amene mwendo wake unapola mokhota atagwa pa njinga yamoto. Matenda amenewa nthawi zambili sapha. Amalanda munthu nchito, sukulu ndi ufulu woyenda yekha, koma munthuyo amakhalabe ndi moyo. Popeza mapulani a zaumoyo amayamba ndi kuwelenga anthu omwalila, odwala otelewa akhala akutsalila m'mbuyo kwa zaka zambili. Nkhani ino ifotokoza matendawa, malamulo amene dziko la Zambia lili nao, kumene cithandizo cimapezeka, ndi cifukwa cake anthu awili othyoka fupa limodzimodzi sacila mofanana.

Kodi ndi matenda ati?

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, limaika pamodzi matenda oposa 150 amene amagwila mafupa, minofu, mitsempha yomanga mafupa ndi molumikizila mafupa. Amene timakumana nao kwambili ndi awa.

Kuwawa kwa msana, makamaka m'ciuno. Mwa anthu ambili sipapezeka fupa lothyoka kapena cotupa, koma ululu umakhala weniweni ndipo ungakhale miyezi.

Nyamakazi ya kutha kwa molumikizila mafupa. Kanyama kosalala kamene kamaphimba nsonga za mafupa kamapelepeseka, ndipo maondo, ciuno kapena zala zimawawa ndi kuuma. Imaculuka ndi ukalamba, kunenepa kwambili ndi kuvulala kwakale.

Nyamakazi yotupitsa, imene madokotala amaicha rheumatoid arthritis. Apa citetezo ca thupi cimaukila molumikizila mafupa mwa mwini wake. Imakonda kuyamba m'zala za manja onse awili ndipo imagwila kwambili amai. Ikapezeka msanga, pali mankhwala amene amaletsa zala kupindika.

Gauti, imene imabwela mwadzidzidzi, kawilikawili usiku, pa cala cacikulu ca kuphazi.

Kuthyoka mafupa pa ngozi za pamseu, kugwa mu mtengo, ngozi za pa nchito, ndiponso kugwa kwa okalamba amene mafupa ao anafooka.

Mafinya m'fupa kapena molumikizila mafupa, amene amagwila kwambili ana, makamaka odwala sickle cell. Palinso TB ya msana, imene imadya mafupa a msana mpaka munthu kukhala ndi linunda kapena kufa miyendo.

Zilema zobadwa nazo, monga phazi lopindika.

Kukula kwa vuto

Malinga ndi WHO, anthu pafupifupi 1.71 biliyoni pa dziko lonse ali ndi limodzi la matenda amenewa. Kuwawa kwa msana ndiko kuli patsogolo pa zinthu zolemaza anthu m'maiko 160. Mu 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi vuto la msana, ndipo ciwelengeloci ciyembekezeka kufika pa 843 miliyoni mu 2050. Kukwela kwakukulu kudzakhala mu Africa ndi Asia, kumene anthu akuculuka ndiponso akukhala ndi moyo zaka zambili kuposa kale. Mu 2019 anthu 528 miliyoni anali ndi nyamakazi ya kutha kwa molumikizila mafupa, ndipo 18 miliyoni anali ndi nyamakazi yotupitsa.

Kuno kwathu vutoli limalemela kwambili kaamba ka mmene anthu amapezela cakudya. Kalembela wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni, ndipo pafupifupi 6 pa anthu 10 alionse akhala kumidzi. Mlimi wa khasu, mai wosenza madzi ndi nkhuni, wonyamula matumba pa msika, woswa miyala, wopalasa njinga ya malasha, onsewa cuma cao ndi thupi lao. Wa mu ofesi msana ukamuwawa amapempha masiku opumula ndipo malipilo amabwelabe. Mlimi msana ukamugwila mu Disembala, munda umamela udzu ndipo banja lonse limadzaona njala caka cotsatila. Kuonjezela apo, apolisi amawelenga anthu pafupifupi 2,000 omwalila pa ngozi za pamseu caka ciliconse, ndipo opulumuka ndi mafupa othyoka amaposa pamenepo kutali.

Cifukwa cake matendawa anatsalila

Kuyambila zaka za m'ma 1980, dziko lathu linali pa nkhondo ndi HIV, TB, malungo ndi imfa za amai ndi ana. Ndalama zambili za mabungwe akunja zinabwela zolembedwa kale dzina la matenda amene ziyenela kugwilako nchito. Zimenezi zinapulumutsa miyoyo yambili, ndipo palibe angatsutse. Koma matenda a mafupa analibe thumba lao. Ngakhale pamene maiko anayamba kukamba za matenda osapatsilana, anachula kwambili matenda a mtima, shuga, khansa ndi matenda a m'mapapo. Msana ndi maondo zinaonedwa monga mbali ya ukalamba cabe, ndipo odwala enieniwo amakhulupilila zimenezi: amapilila kunyumba, osapita ku kiliniki, conco salembedwa m'mabuku a cipatala. Cosalembedwa sicipatsidwa ndalama.

Malamulo ndi ndondomeko zimene zilipo

Cithandizo ca odwala mafupa cimadalila malamulo angapo osiyana.

Kucotsa malipilo. Malipilo a pa zipatala za boma anayamba kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Mu Epulo 2006, pa nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa, boma linawacotsa pa zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, ndipo mu 2012 anacotsedwa pa cithandizo coyambilila m'dziko lonse.

Lamulo la anthu olemala, la nambala 6 la mu 2012. Linabwela Zambia itavomeleza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala mu 2010. Limaletsa tsankho ndipo limakamba za ufulu wolandila cithandizo ca mankhwala ndi cothandiza munthu kuyambanso kudzicitila zinthu. Bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities ndilo limalembetsa anthu olemala ndi kupeleka makhadi. Pa ndalama za Social Cash Transfer, banja limene muli munthu wolemala kwambili limalandila ndalama zoculukilapo kuposa mabanja ena.

Lamulo la cipukuta misozi kwa anchito, la nambala 10 la mu 1999. Wolemba nchito ndiye amalipila ku Workers' Compensation Fund Control Board, ndipo wanchito wovulala pa nchito ayenela kuthandizidwa kucokela m'thumba limeneli. Wodzilemba yekha, monga mlimi wa kumudzi, sakhalamo.

Pulani ya maopaleshoni. Mu Meyi 2015, msonkhano waukulu wa WHO ku Geneva unavomeleza kuti opaleshoni yofunika ndi mbali ya cithandizo cimene munthu aliyense ayenela kupeza. Zambia ndiyo inatsogolela nkhaniyi, kupyolela mwa Dr Emmanuel Makasa, amene ndi dokotala wa mafupa. Caka comweco akatswili a Lancet Commission on Global Surgery anaonetsa kuti anthu 5 biliyoni pa dziko lonse sangapeze opaleshoni yabwino pa mtengo umene angakwanitse. Zambia inakhala limodzi la maiko oyamba kulemba pulani yake ya maopaleshoni, ya zaka za 2017 mpaka 2021.

Inshuwalansi ya zaumoyo. Lamulo la nambala 2 la mu 2018 linakhazikitsa NHIMA, ndipo zopeleka zinayamba mu Okutobala 2019. Wanchito amapeleka 1 pelesenti ya malipilo ake ndipo womulemba nchito amaonjezelapo 1 pelesenti. Odzilemba okha angalembetse ndi kumapeleka malinga ndi zimene amapeza. Okalamba opitilila zaka 65, olemala amene sangagwile nchito ndi osauka odziwika ndi a zacisamalilo ca anthu sayenela kupeleka, koma afunika kulembetsedwa.

Kunja kwa dziko, WHO inayambitsa nchito ya Rehabilitation 2030 mu 2017, ndipo mu Meyi 2023 maiko anagwilizana kuti cithandizo cobwezela munthu mphamvu zoyenda ndi kugwila nchito cikhale mkati mwa zaumoyo, kuyambila pa kiliniki.

Kumene cithandizo cimapezeka

Njila ya wodwala imayamba pa kiliniki, kupita ku cipatala ca pa boma, kenaka ku cipatala cacikulu ca cigawo, ndipo pothela ku zipatala zophunzitsila madokotala monga UTH ndi Levy Mwanawasa mu Lusaka, kapena za ku Ndola ndi Kitwe. Pa sitepe iliyonse pafunika kalata yotumizila wodwala. Pa zipatala zambili za pa boma, amene amaongola fupa ndi kumanga cikhakha ca pulasitala ndi ma clinical officer ndi ma medical licentiate, ambili a iwo ophunzila ku Chainama. Madokotala a opaleshoni ya mafupa ndi ocepa, ndipo ambili ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Akatswili a physiotherapy, amene ambili timangoti a physio, amaphunzila ku Evelyn Hone College, ku University of Zambia ndi kwina, koma kawilikawili amapezeka pa cipatala, osati pa kiliniki ya kumudzi.

Mipingo ili ndi mbali yaikulu pa nkhaniyi. Bungwe la Churches Health Association of Zambia, limene linayamba mu 1970, limagwilizanitsa zipatala za mishoni, ndipo zambili zili kumene kulibe cipatala cina pafupi: Nyanje, Kamoto, Mwami, Macha, Chikankata, Mwandi, Mbereshi, Mukinge, Chitokoloki ndi zina. Cipatala ca St Francis ku Katete, cimene cinayamba mu 1948 ndipo cimayendetsedwa ndi a Anglican pamodzi ndi a Katolika, cimalandila odwala a opaleshoni ocokela m'madela ambili a Kum'mawa. Mu 1982 Pulofesa John Jellis anayambitsa FlySpec, nchito yonyamula madokotala a mafupa pa ndeke yaing'ono kupita ku zipatala zakutali. Mu Lusaka muli cipatala ca Beit CURE, cimene cinatsegulidwa mu 2006 ndipo cimacita maopaleshoni a ana kwaulele, komanso cipatala ca mafupa ca St John Paul II, cimene ambili amacidziwa ndi dzina lakale la Italian Hospital.

Pamene pamabwela kusiyana

Tiyeni tiyelekeze anthu awili amene athyoka fupa la nchafu tsiku limodzi. Woyamba ndi wanchito wa mu Lusaka amene ali ndi khadi la NHIMA. Wafika pa cipatala ola lisanathe, wajambulidwa X-ray, ndipo patapita masiku ocepa madokotala alowetsa citsulo m'fupa. Posacedwa ayamba kuyenda ndi ndodo ndi kupita ku physio. Waciwili ndi mlimi wa m'mudzi wa ku Lundazi. Abale amunyamula pa ngolo mpaka pa kiliniki, kenaka afunafuna galimoto yopita pa boma. Akatumizidwa ku Chipata, ndi makilomita pafupifupi 180. Akatumizidwanso ku Lusaka, ndi enanso pafupifupi 570. Ngati citsulo palibe, amagona pa bedi mwendo uli wokokedwa ndi zolemela kwa mawiki 6 kapena kuposelapo. Akatuluka, bondo lauma, physio ili kutali, ndipo nyengo yolima yapita.

Onse awili ali pansi pa malamulo amodzi. Cimene cawasiyanitsa ndi zinthu zinai.

Coyamba ndi mtunda. Lamulo linacotsa malipilo a pa khomo la kiliniki, koma silinacotse mtengo wa basi. Wothyoka mwendo sayenda yekha, ndiye kuti matikiti ndi awili, ndipo womudwazika afunika kudya ndi pogona.

Caciwili ndi zinthu zimene zimagulidwa padela. Zitsulo zolumikizila mafupa, ciuno kapena bondo loikilila, ndodo zoyendela, njinga ya olemala ndi mwendo wopanga ndi zodula. Zikasowa pa cipatala, banja limauzidwa kukagula, ndipo ambili amagulitsa mbuzi, ng'ombe kapena cimanga ca m'nkhokwe.

Cacitatu ndi mtundu wa nchito. NHIMA ndi cipukuta misozi zimafika mosavuta kwa amene ali pa malipilo a pamwezi, cifukwa ndalama zimadulidwa asanalandile. Koma anthu ambili m'dziko lino amadzigwilila okha nchito, ndipo iwowa ndi amene matupi ao amalema kwambili. Amene ali pa ngozi yaikulu ndiwo ali ndi citetezo cocepa. Ngakhale wa kumudzi amene ali ndi khadi amapeza kuti masitolo a mankhwala ndi malo ojambulila ovomelezedwa ndi NHIMA aculukila m'matauni.

Cacinai ndi nthawi. Fupa siliyembekeza munthu. Likasiyidwa mawiki angapo limagwilana mmene lakhalila, ndipo kuliongola pambuyo pake kumafuna opaleshoni yaikulu. Ndiye cifukwa cake anthu ambili amayamba apita kwa omanga mafupa a m'mudzi, amene ali pafupi ndipo amalola kulipila ndi nkhuku. Fupa lothyoka pang'ono lingapole ndithu. Koma kumanga kothina kwambili kumatseka magazi, ndipo mwana angataye dzanja. Kutema mphini pa malo otupa kumalowetsa tizilombo m'fupa.

Amai amasenza mtolo kawili. Ndiwo amadwala kwambili nyamakazi ndi kufooka kwa mafupa akasiya kusamba, ndiponso ndiwo amasiya munda kapena msika kukadwazika wina. Mwana wamkazi ndiye amayamba kulova ku sukulu agogo akagona.

Citsanzo ca phazi lopindika

Phazi lopindika limaonetsa bwino mtengo wa kucedwa. Pafupifupi mwana mmodzi pa ana 1,000 amabadwa phazi litapindikila mkati. Si mlandu wa mai ndipo si matsenga. Njila yocilitsila, imene anaiyambitsa Dr Ignacio Ponseti wa ku Iowa, ndi yochipa: phazi limaongoledwa pang'onopang'ono ndi kumangidwa pulasitala watsopano wiki iliyonse kwa mawiki 5 mpaka 8, nthawi zambili amadula pang'ono mtsempha wa kucidendene, kenaka mwana amavala nsapato zolumikizidwa ndi kacitsulo, usana ndi usiku kwa miyezi itatu, ndipo pambuyo pake pogona cabe mpaka zaka 4 kapena 5. Cithandizoci cikayamba m'mawiki oyamba a moyo, ana oposa 9 pa 10 alionse amadzayenda bwinobwino. Mwana akafika zaka 10 osathandizidwa, amayendela kumbali kwa phazi, savala nsapato, ndipo afunika opaleshoni yaikulu. Cimene cimalepheletsa mabanja ambili si pulasitala, koma ndalama ya ulendo wa wiki iliyonse.

Za msana: zimene zimathandiza ndi zimene sizithandiza

Mu Disembala 2023, WHO inatulutsa malangizo ake oyamba a mmene zipatala zoyambilila zingathandizile munthu amene msana wamuwawa kupitilila miyezi itatu popanda matenda ena obisika. Malangizowa alimbikitsa kuphunzitsa wodwala za vuto lake, maseŵela olimbitsa thupi, kutikita minofu, uphungu, ndi mankhwala ocepetsa ululu monga ibuprofen ndi diclofenac. Saalimbikitsa malamba omanga m'ciuno, kukoka msana ndi makina, kapena mankhwala amphamvu a gulu la opioid. Kugona pa mphasa masiku ambili kumaonjezela vuto. Pafupifupi zonsezi zingacitike pa kiliniki ya kumudzi ngati anchito aphunzitsidwa, popanda X-ray ndiponso popanda ulendo wa ku Lusaka.

Cenjezo lili pa mapilitsi ogula pa kantemba. Diclofenac ndi ibuprofen akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso, makamaka mwa okalamba ndi odwala BP kapena shuga.

Zizindikilo zosafunika kuyembekeza

Pitani ku cipatala tsiku lomwelo ngati fupa latulukila kunja kapena pali cilonda pamalo othyoka. Ngati zala zatupa, zazizila kapena zacita dzanzi pambuyo pomanga. Ngati mwana watentha thupi ndipo akana kuponda kapena kugwilidwa mwendo. Ngati wokalamba wagwa ndipo alephela kuimilila. Ndiponso ngati kuwawa kwa msana kwabwela pamodzi ndi kufooka kwa miyendo kapena kulephela kusunga mkodzo ndi cimbudzi. Msana wowawa pamodzi ndi kuonda, kutuluka thukuta usiku kapena kutentha thupi ufunika kupimidwa TB. Mankhwala a TB ndi aulele pa zipatala za boma ndi za mishoni, ndipo TB ya mafupa imafuna kumwa mankhwala nthawi yaitali kuposa ya m'mapapo.

Zimene zifunika kusintha

Pa ndondomeko za boma, mfundo zazikulu ndi izi. Matenda a mafupa ndi msana azilembedwa bwino m'mabuku a makiliniki kuti kukula kwake kudziwike. Anchito a physio ndi zipangizo za X-ray zifike pa cipatala ca pa boma ciliconse, ndipo madokotala a mafupa aziyendela zigawo pa masiku odziwika. Zitsulo za opaleshoni, ndodo ndi njinga za olemala zikhale pa mndandanda wa zinthu zimene boma limagula nthawi zonse. Alimi ndi ogulitsa pa msika alembetsedwe ku NHIMA m'njila yogwilizana ndi nyengo imene amapeza ndalama. Mu 2022 boma linalemba nchito anthu a zaumoyo oposa 11,000. Cofunika kufunsa aphungu athu ndi cakuti ndi angati a iwo ali kumidzi. Ndi bwinonso kukumbutsa atsogoleli lonjezo la ku Abuja la mu 2001, pamene maiko a mu Africa anagwilizana kupatula 15 pelesenti ya bajeti ku zaumoyo.

Pamene tiyembekeza zimenezi, pali zimene zili m'manja mwathu. Magulu oyendela odwala ndiwo amapeza anthu amene anabisika m'nyumba. Angafunse ngati agogo analembetsedwa ku NHIMA, ngati wolemala ali ndi khadi lake, ndi ngati wovulala pa nchito anadziwitsa a cipukuta misozi. Wovulala pa ngozi ya pamseu asunge lipoti la apolisi ndi mapepala onse a cipatala, cifukwa lamulo limafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yolipila anthu amene yawavulaza. Mwana akabadwa ndi phazi lopindika, makolo afunse anamwino asanatuluke m'cipatala kumene kuli kiliniki ya mapazi yapafupi ndi tsiku limene imagwila nchito, ndipo abale asonkhe ndalama ya basi ya mawiki 8 oyambawo.